Ndani Akuwerenga Masiku Opanda Mvula ku Mchinji?

Nkhani ya chilala ikabuka m'Malawi muno, maganizo a anthu amathamangira ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Neno, kumene dzuwa limaswa mtengo ndipo mvula imaperewera chaka ndi chaka. Dzina la Mchinji silimveka kawirikawiri. Bomali lili pa chidikha chachonde chimene chinayala kuchokera ku Kasungu mpaka ku Lilongwe, pa chaka chabwinobwino limalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000, ndipo chimanga, mtedza, soya ndi fodya zochokera kwa Mkanda, ku Kapiri ndi pa Kamwendo zimadzaza malole opita kutali. Komabe pa 23 Malichi 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera ankalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba yobwera ndi El Niño, Mchinji linali limodzi mwa mabomawo. M'dziko lonse mabanja aulimi pafupifupi 2 miliyoni anakhudzidwa, ndipo mahekitala 749,000 a chimanga anaonongeka. Kodi njira zimene tili nazo zolondolozera mvula zimaliona vuto la boma ngati limeneli nthawi ikadalipo? Ine ndikuti zimaliona mochedwa, ngakhale akatswiri tili nawo ndipo ntchito amaidziwa. Timaonkhetsa mvula ya dzinja lonse pomwe chimanga chimamva kutalika kwa masiku opanda mvula. Timayang'ana mbali yathu yokha ya malire pomwe mitambo ndi misika ya ku Mchinji n'zolumikizana ndi za ku Chipata m'Zambia. Choposa zonse, ngakhale nambala ikhale yolondola chotani, sitinapanganiretu chimene chidzachitike nambalayo ikafika poipa.

Choyezera mvula ndi kachitini kozungulira kokhala ndi fanulo pamwamba, koimikidwa poyera, patali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse 8 koloko munthu amatsanulira madzi amene agwamo m'kabotolo kokhala ndi timizere, n'kulemba m'buku. Akalemba milimita imodzi ndiye kuti pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pagwa lita imodzi ya madzi, omwe ndi malita 10,000 pa hekitala. Ku Mchinji zoyezera zodziwika zili pa Boma, kwa Mkanda ndi ku Tembwe, ndipo alangizi a zaulimi amasunganso zina pa maofesi awo. Manambalawa amapita ku nthambi yoona zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, ndipo m'dzinja nthambiyi imatulutsa chikalata masiku khumi alionse, chofanizira mvula imene yagwa ndi imene imayembekezeka pamalopo potengera mbiri ya zaka zambiri. Ntchito imeneyi ndi yoyenera ulemu, pakuti kumbuyo kwa nambala iliyonse kuli munthu amene sanajombe ngakhale Lamulungu kapena pa Khirisimasi. Chovuta n'chakuti bomali ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 3,000, muli anthu oposa 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo mvula ya dzinja kuno imagwa modumphadumpha. Mtambo umodzi wa mabingu utha kukhuthula madzi pa Waliranji mpaka mizere kusefukira, mudzi wa pa mtunda wa makilomita asanu n'kungomva fungo la dothi lonyowa. Zoyezera zowerengeka sizingafotokoze zimene zachitika m'minda yonse ya kwa Mavwere, kwa Dambe, kwa Mduwa, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni.

Tingoyerekeza kuti zoyezera zachuluka. Nkhani ya chimene tikuwerenga ikadalipobe. Tinazolowera kuonkhetsa mvula yonse kuyambira Okutobala n'kunena kuti yafika pa mlingo wake, kapena yaperewera ndi magawo akutiakuti pa 100 alionse. Kuonkhetsa kotere kumabisa zambiri. Mvula ikagwa yamphamvu mu Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, kenako n'kudula milungu itatu mu Febuluwale, n'kubweranso mu Malichi, pa pepala dzinjalo limaoneka lokwanira koma nkhokwe zimakhala pululu. Zili ngati kupatsa mwana nsima ya mlungu wonse tsiku limodzi n'kumati wadya mokwanira. Chimanga chikamatulutsa ngayaye ndi ndevu chimamwa mamilimita asanu kapena asanu ndi imodzi tsiku lililonse kukakhala dzuwa. Ngati nthaka yosakanikirana ndi mchenga yasunga mamilimita 50 kapena 60 pamene mizu ikufika, pakangotha masiku khumi madziwo atha. Mlimi amaziona zimenezi ndi maso. Masiku oyamba masamba amapota cham'ma 10 koloko m'mawa n'kutambasukanso madzulo. Kenako amasiya kutambasuka, kubiriwira kuja kumasanduka kotuwa, masamba a m'munsi amauma. Ngayaye imagwetsa mungu wake ndevu zisanatuluke, ndipo zikadzatuluka mungu watha. Mvula yobwera pambuyo pake itha kubiriwitsanso phesi, koma singaike njere pa chitsononkho chimene sichinalandire mungu. N'chifukwa chake nambala yofunika kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale ndi ya masiku amene adutsa chigwereni mvula yolowa pansi, poyang'ananso msinkhu wa mbewu. Kamvula kowaza kosakwana milimita imodzi katha kulembedwa ngati tsiku la mvula, pomwe mizu sinalandire kanthu.

Mtedza, umene umatchukitsa Mchinji, uli ndi mavuto akeake. Ng'amba ya kumayambiriro imachulukitsa nsabwe zimene zimafalitsa kadukutu. Ng'amba ya kumapeto, mtedza ukukhwima m'nthaka yotentha ndi youma, imatsegulira khomo chuku chimene chimasiya poizoni mu njere, ndipo mtedza wotere ogula akunja amaukana ngakhale uoneke bwino m'maso. Ndiye kuti boma litha kukolola matumba ochuluka ndithu koma ndalama n'kulowa zochepa, zomwe sizioneka m'chikalata cha mvula.

Mvula ya ku Mchinji imakonzedwa kutali. Imabwera pamene mzere wokumanirana mphepo za kumpoto ndi za kummwera watsikira kuno, ndiponso pamene mphepo yachinyezi yochokera ku Congo yadutsa m'Zambia n'kulowa kudzera kumadzulo. Madzi a nyanja ya Pacific akatentha kuposa nthawi zonse kufupi ndi South America, zomwe ndi El Niño, kayendedwe ka mphepozi kamasokonekera ndipo kummwera kwa Africa kumauma. Pa chifukwa chimenechi maiko a SADC ali ndi likulu loona zanyengo, limene linayambira ku Harare ngati malo olondolozera chilala ndipo tsopano lili ku Gaborone. Kuyambira 1997, pamene anakumana koyamba ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe, akatswiri a maikowa amasonkhana dzinja lisanayambe kuti agwirizane za ulosi wa chigawo chonse, ndipo nthambi yathu imautenga ulosiwo n'kuugawa boma ndi boma. Apa ena amatsutsa kuti ulosi wotere sungadaliridwe, ndipo ali ndi chitsanzo: El Niño wa 1997/98 anali wamphamvu kwambiri, anthu anachenjezedwa za chilala choopsa, koma m'madera ambiri chilalacho sichinafike pamene ankaopa. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ku Mchinji ikulemera kwambiri. Malawi ali pakati pa zigawo ziwiri: El Niño amakonda kuchulukitsa mvula kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo kumpoto kwa dziko lathu, n'kuichepetsa kummwera. Chigawo chapakati chili pamene mbali ziwirizi zimasinthanirana, motero chaka china chimatsata kumpoto, china kummwera. Komatu zimenezi zikungolimbitsa mfundo yanga. Kumene ulosi uli wokayikitsa n'kumene kukufunika kwambiri kulondoloza zimene zikuchitikadi mlungu ndi mlungu. Ulosi wa mu Seputembala umathandiza posankha mbewu ndi kugawa munda; sunganene kuti ng'amba idzayamba pa 20 Januwale kwa Simphasi. Nazonso zizindikiro zimene akuluakulu amayang'ana, monga kutentha kwa mu Okutobala, mbali imene mphepo ikuchokera ndi maluwa a mango, n'zosayenera kuzinyoza, koma ndi ulosi basi, ndipo sizilowa m'malo mwa kuwerenga.

Ena amati nkhawa ya kuchepa kwa zoyezera inatha kale chifukwa kuli masetilaiti. N'zoona kuti athandiza kwambiri. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Santa Barbara ali ndi kaundula wa mvula wotchedwa CHIRPS, woyambira mu 1981, amene amagawa dziko m'timagawo ta makilomita pafupifupi asanu. Kaundulayu ndi amene anasonyeza kuti m'madera ambiri a Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, Febuluwale wa 2024 anali wouma kuposa Febuluwale wina aliyense pa zaka zoposa 40. Masetilaiti ena amaona kubiriwira kwa zomera, ndipo akafanizira ndi zaka zam'mbuyo amasonyeza kumene mbewu zafota. Koma tiyenera kudziwa mmene amagwirira ntchito. Setilaiti siyeza madzi ogwa pansi. Imaona kuzizira kwa pamwamba pa mitambo n'kuyerekeza mvula imene mitambo yotere imagwetsa, ndipo kuyerekezako amakuwongola pogwiritsa ntchito zoyezera za pansi. Kumene zoyezera zili zochepa, kuwongolako kumakhalanso kochepa. Kubiriwira nako kumanamiza: munda wodzaza udzu ndi chimanga chopanda njere umaoneka wobiriwira mofanana ndi munda umene wabereka.

Chaka cha 2016 chinatiphunzitsa zimenezi mowawa. Boma la Malawi linali litagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity, limene limalipira potengera pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Africa RiskView. Pulogalamuyi imatenga mvula yoyerekezedwa ndi setilaiti n'kuwerengera ngati mbewu yamwa madzi okwanira. Dzinja la 2015/16 linali loipa kwambiri, moti Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi mu Epulo 2016, ndipo komiti ya MVAC, imene imawerenga anthu osowa chakudya, inapeza kuti anthu 6.5 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya. Pulogalamu ija inapeza anthu ongopitirira pang'ono 20,000, choncho inshuwalansi sinalipire. Atafufuza anapeza kuti pulogalamuyo anaiuza kuti alimi amadzala chimanga chochedwa kucha, cha masiku 120 mpaka 140, pomwe ambiri anali atasamukira ku chimanga chocha msanga, cha masiku pafupifupi 90. Ng'amba inagwa pa nthawi imene chimanga chocha msangacho chinkamasula, koma pulogalamu inkaganiza kuti mbewu ikadali ndi mpata wochira. Atakonza cholakwikacho, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni a ku America zinafika mu Januwale 2017, patatha miyezi isanu ndi inayi chilengezereni ngozi. Taonani chimene chinasowa: sichinali chipangizo chodula ayi, koma nkhani imene mlangizi aliyense ndi wogulitsa mbewu aliyense wa pa Kamwendo amaidziwa, yoti anthu akugula mbewu ya Kanyani kapena ya Njovu, ndiponso anadzala liti. Tionjezeponso kuti maso ambiri a kumwambawa ndi a eni ake. Bungwe la FEWS NET, limene boma la America linakhazikitsa mu 1985 ndipo malipoti ake timawadalira kwambiri, linatseka ntchito zake mu Januwale 2025 kwa miyezi ingapo thandizo la USAID litaimitsidwa, dzinja lathu lili pakati.

Komabe nkhani imene Mchinji sayenera kuiiwala ndi ya njala ya 2001/02. Njala imeneyo sinayambe ndi chilala chachikulu. Kumayambiriro kwa 2001 mvula inachuluka, minda inadikha madzi, ndipo chimanga cha dziko lonse chinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse. Ziwerengero za unduna zinkati chinangwa ndi mbatata zachuluka kokwanira kutseka mpatawo, ndipo mabungwe othandiza anakhulupirira. Chakumapeto kwa 2001 bungwe la Save the Children la ku Britain linachita kafukufuku m'midzi ya ku Mchinji konkuno, kuyang'ana chakudya chimene mabanja ali nacho, mitengo ya pamsika ndi thanzi la ana, ndipo linachenjeza kuti kukubwera njala yoopsa. Chenjezolo silinamveke, chifukwa linkasemphana ndi manambala a ku likulu. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngozi pa 27 Febuluwale 2002, mtengo wa chimanga utakwera kangapo konse, anthu akudya mizu ndi chimanga chosakhwima, ena ambiri atamwalira kale. Komiti ya MVAC inabadwa chaka chomwecho pofuna kuti zotere zisadzachitikenso. Pali zinthu ziwiri zoti titolepo. Choyamba, boma lodziwika ndi zokolola zambiri litha kugwa m'njala anthu osakhulupirira, chifukwa mbiri yake yabwino imaphimba maso. Chachiwiri, chizindikiro chinaoneka pa nthawi yake ndipo chinachokera m'midzi. Chimene chinalibe ndi mphamvu yokakamiza wina aliyense kuchitapo kanthu.

Malire nawo ali ndi mbali yawo. Kuchoka pa Boma la Mchinji kupita ku Chipata ndi pafupi kuposa kupita ku Lilongwe. Anthu a mbali ziwirizi amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, Achewa amakakumana ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndi abale a Angoni a Mpezeni. Mphepo ya ku Congo isanafike kwa Mkanda imadutsa kaye m'minda ya ku Zambia, ndipo ng'amba yogwa ku Chipata ndi ku Vubwi siima pa chipata cha Mwami. Mu 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za ngozi ya chilala pa 29 Febuluwale, milungu itatu Malawi asanalengeze, ndipo mwezi womwewo boma lake linaletsa kutulutsa chimanga ndi ufa. Zokolola za chimanga m'Zambia zinatsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Kwa munthu wa ku Mchinji nkhani imeneyi inali ya pakhomo. Chaka chimene Zambia wakolola bwino, matumba amalowa kuno pa njinga kudzera m'njira zamadulira ndipo mtengo umatsika. Chaka chimene Zambia wapsa, njira zomwezo zimatulutsa chimanga chathu, mavenda amagula chaposachedwa, ndipo ganyu amene anthu amakagwira kutsidya amasowa. Ndiye kulondoloza chilala cha ku Mchinji popanda kudziwa mvula ya pa siteshoni ya Msekera ku Chipata, ndi mtengo wa thumba kumeneko, n'kuona theka la vuto. Mu Disembala 2022 maiko awiriwa anatsegula chipata chimodzi chochitira zonse pamodzi pa Mchinji ndi Mwami kuti katundu aziyenda msanga. Ngati tinatha kugwirizana pa za msonkho ndi mapasipoti, kutumizirana manambala a mvula ndi mitengo masiku khumi alionse pakati pa maofesi a zaulimi a maboma oyandikanawa sikungatikanike. Pakadali pano nkhani yochoka ku Chipata imayenera kukwera ku Lusaka, mwina n'kukafika ku Gaborone, isanatsikire ku Lilongwe ndi kubwerera ku Mchinji.

Wina anganene kuti zonsezi n'zopanda phindu kwa mlimi, pakuti iye amaona yekha kuti chimanga chikufota, ndipo kumuuza nambala sikugwetsa mvula. Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Chimanga chimene chaphonya mungu palibe angachipulumutse. Koma pakati pa Januwale ndi Epulo pali ziganizo zambiri zimene zimadalira kudziwa ngati ng'ambayo ndi ya mudzi umodzi kapena ya chigawo chonse, ndiponso ngati mvula ikuyembekezeka m'masiku akubwerawo. Mlimi amene wagwira thumba la feteleza wobereketsa ayenera kudziwa ngati athire kapena asunge, chifukwa yuriya wothira pa nthaka youma amangouluka. Ayenera kudziwa ngati agulitse matumba awiri amene anatsala chaka chatha kapena awagwiritsitse. Ayenera kudziwa ngati ayambe kusaka mbewu ya mbatata, imene imathabe kudzalidwa mu Febuluwale, ndi kukonza dimba msanga. Madambo a ku Mchinji, amene amathira madzi mu Bua ndi mu Rusa, ndi chuma chachikulu pa chaka choipa, koma chinyezi chake sichidikira munthu. Wodzala chimanga ndi nyemba m'dimba mu Malichi kapena Epulo amadya mu Julayi ndi Ogasiti; wolandira mbewu mu Juni amapeza zitsime zikuphwa, n'kumathirira ndi makeni madzi akutali. N'chifukwa chake kuyeza kuya kwa madzi m'zitsime ndi m'madambo kumapeto kwa dzinja kuyenera kukhala mbali ya ntchito yomweyi. Kuperewera kwa mvula ya mu Febuluwale kumadzaonekera pa mjigo mu Okutobala.

Tsono tiyerekeze nthawi zimenezi ndi kalendala ya boma. Unduna wa zaulimi umayerekeza zokolola maulendo atatu pa chaka, ndipo ulendo womaliza umatha mbewu zili kale m'nyumba. MVAC imalowa m'midzi anthu atakolola, zotsatira zake zimatuluka m'nyengo yozizira, ndipo chakudya chimayamba kugawidwa cha mu Okutobala kapena Novembala. Mu 2024 komitiyi inapeza anthu 5.7 miliyoni ofunika thandizo. Ndondomeko imeneyi inapangidwira kuwerenga anthu anjala kuti apatsidwe chakudya, ndipo pa ntchito imeneyo imathandiza. Koma siinapangidwire kuchepetsa chiwerengero cha anthu amene adzakhale ndi njala. Miyezi imene dimba likanapulumutsa banja imadutsa tikudikira lipoti. Dzinja la 2023/24 lisanayambe n'komwe, dziko lonse lapansi linkadziwa kuti kuli El Niño, ndipo nthambi yathu yoona zanyengo inachenjeza. Pofika pakati pa Febuluwale aliyense woyenda mumsewu wa ku Mchinji ankaona minda yofota. Chidziwitso chinalipo chambiri. Chimene chinachedwa ndi chiganizo.

Njira yothetsera kuchedwaku ndi kupanganiratu. Khonsolo ya boma, alangizi, a zanyengo, mafumu ndi mabungwe agwirizane dzinja lisanayambe kuti, mwachitsanzo, zoyezera zambiri za dera lakutilakuti zikasonyeza masiku opitirira khumi ndi anayi opanda mvula yolowa pansi chimanga chikumasula, ndalama zimene zinaikidwa padera zituluke pompo: mbewu ya mbatata ndi ya kudimba igulidwe, mijigo yoonongeka ikonzedwe, misika ya ADMARC ya m'deralo ilandire chimanga mitengo isanakwere. Nambala yeniyeniyo akatswiri akhoza kuikambirana, ndipo idzasiyana malinga ndi nthaka. Chofunika n'chakuti ilembedwe anthu mitima ili m'malo. Pali owopa kuti chenjezo lofulumira litha kukhala labodza, mvula n'kubwera mawa lake, ndalama n'kuonongeka, mavenda n'kupezerapo mwayi wokweza mitengo. Zoterezi zidzachitikadi zaka zina. Koma tiyeze kulemera kwa zolakwika ziwirizi. Tikagawa mbewu ya mbatata ndi kukonza mijigo chaka chimene mvula yabwereranso, anthu atsala ndi mbatata ndi madzi. Tikachedwa chaka chimene mvula sinabwerere, mabanja amagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wozizira, ana amasiya sukulu, ndipo boma limaitanitsa chimanga kunja pa mtengo wokwera ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Za mavenda, iwo amadziwa kale. Amayenda m'midzi ndipo ali ndi mafoni. Wosadziwa ndi mlimi amene akuwagulitsa. Kupanganiratu kumachotsanso nkhaniyi m'manja mwa andale, amene nthawi zina amazengereza kuvomereza njala poopa manyazi, nthawi zina amaikuza pofuna mavoti. Lamulo la 2023 loyendetsera ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene linalowa m'malo mwa lija la 1991, likutsindika za kukonzekera, ndipo makomiti oona za ngozi alipo kale pa mudzi, kwa mfumu yaikulu ndi pa boma. Akusowa nambala yoti aziyang'ana ndi thumba loti atsegule.

Chotsutsa chomaliza n'chakuti ndalama n'zochepa, choncho ziyenera kupita kumene chilala chimagwa kawirikawiri, ku chigwa cha Shire. Anthu a kumeneko ayenera kuthandizidwa, ndipo palibe akukana. Koma chimanga chimene amagula ku Nsanje ndi ku Ndirande m'miyezi ya njala chimachokera m'maboma otsala ndi chakudya monga Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Lilongwe. Kuchepa kwa gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola za mabomawa kumakweza mtengo wa ufa m'dziko lonse kuposa kupsa kwa minda yonse ya boma limene silikolola zambiri n'kale. Woteteza wosauka wa ku Chikwawa ayenera kukhala woyamba kufunsa za mvula ya kwa Mkanda.

Ndipo zofunikazo si zodula. Choyezera mvula cha pulasitiki chitha kuikidwa pa sukulu ya pulayimale iliyonse ndi pakhomo pa mlimi wachitsanzo aliyense, bola chiimikidwe poyera ndipo wowerenga aphunzitsidwe kulemba ziro tsiku limene mvula sinagwe, chifukwa mpata wosalembedwa ndi tsiku louma n'zinthu ziwiri zosiyana. Nambalayo itumizidwe pa foni kwa mlangizi pamodzi ndi tsiku lodzala, mtundu wa mbewu ndi msinkhu wake. Wowerengayo apatsidwe kangachepe ka mayunitsi, pakuti ntchito yongodzipereka imazirala ikafika chaka chachitatu, ndipo sukulu zimatsekera mu Disembala, mvula yodzalira ili mkati. Maesiteti a fodya ambiri amasunga mabuku awo a mvula, ndipo akhoza kupemphedwa kuti agawane ndi ofesi ya zaulimi. Wailesi ya Mudzi Wathu ya ku Mchinji komweko ikhoza kumawerenga mlungu uliwonse masiku ouma a dera lililonse, ulosi wa masiku akubwera, ndi mtengo wa chimanga pa Kamwendo, ku Kapiri ndi ku Chipata, kuti manambala ochokera kwa alimi azibwereranso kwa eni ake m'malo mongothera m'malipoti a Chingerezi. Nthawi yokambirana zonsezi ndi mu Seputembala ndi Okutobala, pa msonkhano womwe uja umene a zanyengo amabwera kudzafotokozera khonsolo ulosi wa dzinja, anthu akadali pa ntchito yogalauza ndi kuunga mizere.